Voice ya kwa msuweni, nkhani ya theka ija

Eee msuweni, funso lako lija ndaliona, ndinali pa shifiti ndiye ndikuyankha ndili m'basi, ukamva phokoso usadabwe. Ukuti mafuta a m'mafupa aja, ofunika kumuika mwana wako wodwala matenda a magazi a sickle cell, amawachotsa pati, zimapweteka bwanji... aaa iwe ndinakudziwa ukadali ndi mamina, funso lako si limenelo ayi. Chakusowetsa tulo n'choti mlongo wake wa mwana sanafanane naye pa mayeso aja, ndiye mumtima ukuti basi zathera pomwepa.

Ukuwakumbuka amalume aang'ono nthawi imene agogo anagonekedwa, chaka cha njala chija? Atauzidwa zopereka magazi anakana kwamtuwagalu, ati magazi awo ndi ochepa kale, dimba alima ndani. Tsiku lonse anangokhala panja pa wodi akusuta... ayi ndanama, nthawi imeneyo anali atasiya, ankadya nzimbe, makoko mbwee pansi pa mtengo wa mango, azakhali akuwayang'ana ndi diso lija umalidziwa. Chakumadzulo analowa okha osauza munthu, potuluka thonje lili pamkono, botolo la Fanta m'manja, akuti "kodi ndi zomwezi basi?" M'mawa mwake tinawapeza kudimba akuthirira mpiru. Mpaka lero amapinda malaya kuonetsa pamene panalowa singano, chipsera palibe koma amaonetsabe.

Ndiye tamvera. Zimene amayeza zija, HLA, zizindikiro za pa maselo zoonetsa ngati wopereka akufanana ndi wolandira, mwana amatenga theka kwa mayi theka kwa bambo. Ana a mimba imodzi kuti afanane kwathunthu mwayi wake ndi 1 pa 4 basi, ndiye si tsoka lanu lokha. Koma iwe ndi alamu aliyense ndi theka kale, mwachibadwa. Kale thekalo madokotala ankaliopa chifukwa maselo atsopano amaukira thupi la mwana, amati GVHD, khungu, matumbo, chiwindi. Ku chipatala cha Johns Hopkins, ku Baltimore ku America, anapeza njira yopereka mankhwala a cyclophosphamide tsiku la 3 ndi la 4 mwana atalandira maselo, mankhwalawo amapha maselo olusa aja. Sindikuti n'zophweka ayi, pa sickle cell nthawi zina thupi limawakana maselowo, mankhwala ena amatha kusokoneza kubereka akadzakula, zimenezo muwafunse madokotala osachita manyazi. Mankhwala ake a sickle cell aja, hydroxyurea, asasiye pokhapokha iwo atanena.

Za kupwetekazo, amakugoneka tulo n'kukoka kumbuyo kwa fupa la m'chiuno, masiku angapo uziyenda ngati wagwa panjinga, mafutawo amabwerera m'masabata ochepa. Kukhala AS, kungonyamula sickle cell m'magazi osadwala, nthawi zambiri sikuletsa kupereka.

Ndiye iweyo bambo ake ukhoza kukhala wopereka, ukayezetse. Wandimva? Usadikire mlendo wofanana naye, wa theka ali m'nyumba momwemo, ndiwe. Mm... mukayezetse nonse awiri ndi alamu, nzimbe ndikugulira ine. Ndafika pa siteji, ima kaye nditsike.