Kuchokera ku Salima kukafika ku London: maola angati?

Mayi wina wa ku Salima walemba kuti mwana wake wapeza malo pa yunivesite ku London ndipo akuyamba mu Seputembala. Akufunsa kuti ndi kutali bwanji, nanga ndege imatenga nthawi yaitali bwanji.

Mayi, kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, koma palibe ndege yopita mwachindunji. Ambiri amadzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, ena ku Nairobi ndi Kenya Airways. Tiyeni titenge njira ya Addis. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika ku Addis ndi makilomita pafupifupi 2,600, maola ngati anayi. Kuchoka ku Addis kukatera pa bwalo la Heathrow ku London ndi makilomita pafupifupi 5,900, maola ngati asanu ndi atatu. Mumlengalenga ndiye maola 12. Mukawonjezera kudikira ndege yachiwiri, ulendo umafika maola 17 mpaka 20.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya dziko lomwe bwalolo lili. Addis ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. London mu Seputembala imakhala kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, ndipo kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi ndi maola awiri. Komanso ndege ya ku London nthawi zambiri imanyamuka ku Addis pakati pa usiku, deti litasintha kale. Mwana akanyamuka kuno Lolemba masana, afika Lachiwiri m'mawa. Womulandira auzidwe deti lofikira, osati lonyamukira.

Chomwe ndikulimbikitsa kwambiri ndi ichi: mugule tikiti imodzi ya ulendo wonse. Matikiti awiri osiyana amaoneka otchipa, koma ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri imusiya ndipo ndalamayo yalowa m'madzi. Pa tikiti imodzi, kampani ndiyo imamupezera ndege ina, ndipo katundu amakamutengera ku London komweko.

Ulendowu muziuwerengera kuyambira pakhomo panu. Kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo pabwalo mwana afike patatsala maola atatu. Minibasi imayima kudikira kuti idzaze, ndege sidikira munthu, choncho ngati muli ndi abale ku Lilongwe akagone kumeneko.

Pasipoti, kalata ya ku yunivesite ndi satifiketi ya TB zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Momwemo muikemonso juzi yokhuthala, chifukwa wochokera kotentha ngati kunyanja kuno amamva kuzizira akangotsika. Sutikesi muyeze pa sikelo musanachoke kunyumba. Makilogalamu ololedwa alembedwa pa tikiti, ndipo opitirira amalipiritsa modula. Nyama ndi mkaka musamupakire, saloledwa kulowa nazo ku Britain.