Kwa achemwali amene mwafunsa za mantha poyankhula pagulu

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba, zoti kuntchito akusankhani kuti muzipereka lipoti pamsonkhano wa mwezi ndi mwezi, koma mukangoimirira manja amanjenjemera, kukamwa kumauma gwa, ndipo zonse zimene munakonza usiku zimabalalika. Ndiye mukufunsa ngati ndi bwino kulipira kosi ya masiku ochepa kapena kulowa kalabu yophunzitsana kuyankhula pagulu muno mu Mzuzu. Ine ndikuti kalabu. Kosi ikupatsani manotsi ndi satifiketi, koma mantha sathera m'manotsi ayi. Amachepa mukamaimirira pamaso pa anthu sabata ino, sabata yamawa, sabata inayo, mpaka thupi litazindikira lokha kuti palibe amene akumenyeni.

Makalabu ambiri otere amatengera dongosolo la Toastmasters, bungwe lomwe Ralph Smedley anayambitsa mu 1924 ku Santa Ana, m'chigawo cha California ku America. Pamsonkhano pamakhala anthu angapo amene anakonzekeratu nkhani zawo, ndipo aliyense amapatsidwa mphindi 5 mpaka 7. Pambali pamakhala wosunga nthawi ndi makadi atatu: ikakwana mphindi yachisanu amakweza lobiriwira, yachisanu ndi chimodzi lachikasu, yachisanu ndi chiwiri lofiira, kutanthauza kuti mangani nkhani mukhale pansi. Nkhani yanu yoyamba amaitcha Ice Breaker, ya mphindi 4 mpaka 6, ndipo mutu wake ndi inuyo: kwanu n'kuti, munakula bwanji, mumakonda chiyani. Palibe amene angakutsutseni pa mbiri yanu yomwe, n'chifukwa chake amayambira pamenepo. Palinso gawo la Table Topics, pomwe amangokutchulani dzina n'kukuponyerani funso, inu muyankhe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osakonzekera. Limaopsa, koma ndi lomwe lidzakupulumutseni tsiku limene abwana adzatembenuke n'kuti "Nanga inu mukuona bwanji?" Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Wina ntchito yake ndi kungokhala phee ndi cholembera, kuwerenga timawu totsekera mipata tija: "eee", "ndiye kuti", "basi", "eti". Anzathu oyankhula Chitumbuka amagwidwa kwambiri pa "sono", ena mpaka chiganizo chilichonse chimayamba ndi "sono". Pomaliza amawerenga chiwerengero cha aliyense, anthu n'kuseka, koma sabata yotsatira mupeza kuti mwayamba kudzimva nokha musanatulutse "eee" uja.

Koma mtima wa kalabu uli pa munthu wounika, amene amaimirira mukamaliza n'kunena zimene waona. Apa ndi pomwe makalabu amasiyanirana, ndipo apa ndi pomwe ife Amalawi timavutika. Tinaleredwa mwaulemu. Munthu akayankhula, kaya watigonetsa tulo, timawomba m'manja n'kumuuza kuti "mwayankhula bwino zedi", zenizenizo tizikanena panjira pobwerera. Ulemu wotero sukulitsa munthu. Kwathu kukalabu, mayi wina mphunzitsi anaunika mnyamata wina motere: "Nkhani ya agogo ako ogulitsa usipa inatigwira mtima, makamaka pamene unatsitsa mawu. Koma maso ako anali pawindo nthawi yonse ngati ukudikira minibasi, ndipo mphindi ziwiri zoyamba zinathera kupereka ulemu. Ulendo wina uyambe ndi agogowo, ndipo usankhe anthu atatu m'chipinda muno oti uziwayang'ana mosinthasintha." Mnyamatayo sananyozedwe, komanso sananamizidwe. Anapita kunyumba akudziwa choti akonze.

Choncho musanalipire kalikonse, pitani kaye ngati mlendo, mukhale kumbuyo, mutchere khutu kwa ounikawo. Ngati akungoyamikira aliyense, mudzangotaya nthawi. Ngati akuseka munthu chifukwa walakwitsa Chingerezi, tulukani msanga, mantha anu akangowonjezekera pamenepo.

Za Chingerezizi ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri timasokoneza zinthu ziwiri. Kudziwa Chingerezi ndi kwina, kudziwa kuyankhula pagulu ndi kwina. Pamaliro ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, tamverani bambo amene amayankhula m'malo mwa anamfedwa, kapena ankhoswe pachinkhoswe. Ena sanapite patali ndi sukulu, koma amadziwa poyambira, popumira, pokweza mawu ndi polekezera, khamu lonse lili chete. Luso ndi limenelo. Ngati lipoti lanu ndi la m'Chingerezi, yambani mwalifotokozera mnzanu m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, ngati mukucheza pakhonde. Mukalephera kulifotokoza m'chiyankhulo chimene mumaganizira, vuto si Chingerezi, ndiye kuti mfundo zake simunazigwire bwino.

Nkhani ya ndalama: umembala wa Toastmasters weniweni umalipiridwa m'madola miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo mukudziwa nokha mmene madola akuvutira. Kuti kalabu yatsopano ivomerezedwe ndi likulu lawo pamafunika mamembala 20. Amene angakwanitse alowe, chifukwa maphunziro awo otchedwa Pathways ndi okonzedwa bwino, ndipo patsamba lawo la pa intaneti pali posakira makalabu, ena amakumana pa Zoom. Koma kusowa madola kusakutsekeni pakamwa. Kalabu yathu ndi ya anthu wamba: aphunzitsi, anamwino, wina wogulitsa zovala ku msika wa Taifa, ndi ana angapo a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) amene amatsika kuchokera ku Luwinga. Tinapempha kalasi pasukulu ina, nthawi timaonera pafoni, makadi atatu aja tinadula pa mapepala amitundu. Timasonkha kangachepe ka tiyi basi. Chovuta si zipangizo, chovuta ndi kusunga nthawi ndi kubwera osadumphadumpha, makamaka mvula ya kuno ikayamba kuwaza tsiku lonse, aliyense akufuna bulangeti.

Poti msonkhano wanu wakuntchito sudikira kuti muzolowere, chitani izi pakadali pano. Musalembe lipoti lonse kuti mukawerenge mutu uli pansi. Lembani mfundo zikuluzikulu pa kapepala kokwana m'dzanja, koma chiganizo choyamba ndi chomaliza muziloweze pamtima, chifukwa poyamba ndi pomwe mawondo amagwedera, ndipo pomaliza ndi pomwe ambiri timazungulira ngati tasowa khomo. Ulemu perekani mwachidule, kwa wapampando ndi onse amene alipo, osati kutchula aliyense ndi udindo wake mpaka wophika tiyi. Ndipo chonde musayambe ndi "pepani, ine sinditha kuyankhula". Anthu anali asanaone vuto lililonse, inu ndi amene mwawauza kuti alifufuze. Mawu akathawa pakati, khalani chete, pumani mpweya, yang'anani kapepala kaja. Kwa inu kachetechete ameneyo amaoneka wautali, koma kwa omvera amangooneka ngati mukuganiza.

Dzijambuleninso pafoni kunyumba mukuyeserera, muonere nokha. Simudzasangalala nazo poyamba, palibe amene amakonda kumva mawu ake, koma mudzaona zinthu zomwe anzanu amachita manyazi kukuuzani, monga kusewera ndi mphete kapena kugwedezeka uku ndi uku.

Ife timakumana Loweruka masana, ndipo timayesetsa kuweruka kusanade kuti a ku Zolozolo ndi ku Masasa apeze kabaza bwinobwino. Ngati mukufuna kudzaona, ndilembereni ku inbox ndikulondolereni. Mlendo sitimukakamiza kuyankhula tsiku loyamba, kupatula kutchula dzina ndi kumene wachokera. Mudzatenge juzi, kalasi yake ili ndi mawindo osweka.