Funsani Tikuyankheni: Chithunzi cha mayi wa nyenyezi m'tsitsi

FUNSO: Akonzi, ine ndimasoka madiresi a ukwati kuno ku Matawale. Ndinaona pa Facebook chithunzi cha mzimayi wachizungu atavala diresi yoyera yotambalala, m'tsitsi muli tinyenyezi, ndiye chinandisangalatsa moti ndikufuna ndichipachike mu shopu mwanga. Wina pa intaneti akuti amagulitsa chokopera koma chojambula pamanja. Anajambula ndani, nanga chokoperacho si feki? Ndidziwa bwanji kuti sanangopanga pulinti? Telala, Matawale

YANKHO: Achemwali, mmene mwafotokozeramu ameneyo ndi Elisabeth, mfumukazi ya ku Austria, ambiri amangoti Sisi, ndipo tinyenyezito ndi ta dayamondi. Anamujambula mu 1865 ndi Franz Xaver Winterhalter wa ku Germany, anabadwa mu 1805 kamudzi kotchedwa Menzenschwand nkumwalira ku Frankfurt mu 1873. Mkuluyu mafumu a ku Ulaya ankachita kumulimbirana, Mfumukazi Victoria ya ku Britain anayamba kuijambula mu 1842 nkumaitanidwabe zaka zambiri, ku France anajambula Mfumukazi Eugénie atakhala pakati pa amayi omutumikira mu 1855. Ndipo sindikudabwa kuti mwakopeka ndinu atelala, chifukatu luso lake lenileni linali pa nsalu, akajambula silika kapena lesi umachita kufuna kukhudza, makwinya onse ali m'malo mwake ngati anasokako yekha.

Za feki musade nkhawa. Chenichenicho chili ku Vienna, likulu la Austria, ndipo palibe angakugulitseni. Kukopera sikunayambe lero, nthawi ya Winterhalter yomweyo zithunzi za mafumu ankazikopera zambirimbiri zoti zikapachikidwe m'nyumba zina zachifumu, ndipo mng'ono wake Hermann ankamuthandiza ntchito. Komanso papita zaka zoposa 150 chimwalirireni ndiye aliyense ndi womasuka kukopera. Kuba kumabwera pamene munthu akukunamizani kuti ndi chenicheni, kapena wapanga pulinti nkumakulipiritsa mtengo wa chapamanja.

Apa ndiye tcherani khutu. Chithunzicho muchiyang'ane chammbali pa dzuwa, chapamanja penti wake sakhala wofanana, pena wakhuthala pena wapyapyala, ndipo mizere ya burashi imatsata chinthucho, tsitsi mizere ikutsika ndi tsitsi, diresi ikupinda ndi diresi. Ena ochenjera amapanga pulinti pa nsalu kenako nkupaka zonyezimira pamwamba kuti zizioneka ngati burashi inadutsapo, koma mukaonetsetsa mizereyo imangodutsa paliponse osasamala kuti apa ndi nkhope apa ndi khoma. Jambulaninso ndi foni pafupi kwambiri nkukulitsa, pulinti imaonetsa timadontho ting'onoting'ono. Ngati wogulitsayo ali kutali muuzeni azikutumizirani zithunzi ntchito ili mkati, ndipo akati mawa chatha kayikirani, penti wa mafuta amatenga masiku kuti aume.

Koma ine mtima wanga uli poti ndalamayi idyedwe konkuno. Zomba ili ndi ojambula, ena amaphunzira luso limeneli pa yunivesite ku Chirunga, ena amagulitsa zithunzi kwa alendo okwera ku Chawe, ndipo ameneyo mutha kumamuyendera nkuona ndi maso anu, osati kutumiza ndalama kwa munthu amene simunamuonepo. Musanapereke dipoziti mupempheni ayambe wajambula kachidutswa kochepa, dzanja limodzi ndi mbali ya diresi basi, poti manja ndi nsalu yopyapyala ndi pamene ambiri amagwera. Inu nsalu mumaidziwa kuposa iye, ikaoneka ngati pepala la simenti mumuuze abwereze. Kumbuyo alembe dzina lake ndi mawu oti wakopera kwa Winterhalter.

Popachika kumbukirani chinyontho cha kuno nthawi ya mvula, khoma lonyowa limachititsa chuku kumbuyo kwa nsalu. Felemu isagunde khoma, ikani timatabwa kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, ndipo chikhale patali ndi pamene mumasitira.