Eya, ndi udindo wa abwana anu

Achimwene, mwafunsa ngati kuonetsetsa kuti ndinu otetezeka mukamagwira ntchito nokha usiku ndi udindo wa abwana anu. Eya, umenewo ndi udindo wa abwana anu osati wanu. Kukusiyani nokha pa shifti ya usiku sikulakwa pakokha, koma asanatero akuyenera kukhala pansi kuunika zoopsa zomwe mungakumane nazo, kufunsanso inuyo amene mumagwira ntchitoyo, kenako kuika njira zokutetezani. Pangano nambala 155 la 1981 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limaika chitetezo cha pantchito m'manja mwa olemba ntchito, ndipo ku UK kampani ya anthu 5 kapena kuposerapo imayenera kuchita kulemba papepala zomwe yapeza pounika zoopsazo.

Ineyo ndinagwirapo ndekha mosungira katundu, tsiku lina ndinatereleka pamakwerero bondo linachita kukana kuti ndidzuke, foni ili kutali patebulo, ndinangokhala pansi pompo mpaka anzanga a m'mawa atafika. Zitachitika zimenezo m'pamene anaika zoti supavaiza aziimba maola awiri aliwonse, ndikapanda kuyankha munthu abwere kudzaona. Kanthu kophweka chonchi koma panalibe anakaganizira.

Ndiye afunseni kuti mutadwala mwadzidzidzi kapena mbava zitalowa adziwa bwanji, bokosi la first aid lili pati, nanga netiweki imagwira pamalopo? Zina monga kulowa m'thanki kapena kugwira mawaya amoto musamavomere muli nokha, ayi ndithu.

Ngati muli ndi matenda ngati khunyu kapena shuga kaonaneni ndi dokotala kaye. Abwanawo akamazembazemba pitani kwa oyendera malo antchito a boma kapena loya wa zantchito, poti malamulo amasiyana dziko ndi dziko.