Ntchito za m'nyumba m'miyezi ya chisanu: yankho kwa mayi wa ku Leeds

Mayi wina amene anafika ku Leeds, mzinda wa ku Britain, chaka chino wandilembera pa imelo. Akuti akamaweruka kuntchito kumakhala kutada kale, kunja kukuzizira moti sangayende, ndipo madzulo onse amathera pa foni mpaka mtima kufooka. Akufunsa chimene angagwire ndi manja ake m'nyumba ya lendi popanda kuwononga ndalama zambiri.

Mayi, musadziimbe mlandu. Kwathu usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse, koma kumene muliko mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, mdima umayamba kufulumira, ndipo pofika pa 21 Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Komabe kumbukirani kuti mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Thyolo ndi Mulanje kapena mphepo ikalusa ku Dedza, anthu sakhala manja lende: amatonola chimanga, kuswa mtedza ndi kuluka mphasa. Langizo langa ndi lakuti inunso musafune ntchito yongotayira nthawi, koma muyambe ndi imene chisanucho chakubweretserani.

Tsiku la mphepo, yendetsani dzanja m'mphepete mwa zitseko ndi mazenera kuti mumve polowera mphepo. Kawirikawiri ndi pansi pa chitseko. Tengani chitenje chakale, muchidule kutalika kwake kupitirire pang'ono m'lifupi mwa chitsekocho, muchisoke ngati thumba lalitali lowonda, kenako mulongemo nsanza zothinana ndi kuligoneka pampatapo. Singano ndi ulusi ndi zokwanira, ndipo madzulo awiri ntchito yatha. Mukazolowera, sokererani nsalu yochindikala kuseri kwa makatani. Bulangete lakale la m'masitolo a zachifundo, amene amagulitsa katundu wogwiritsidwapo ntchito, limakwanira bwino. Makataniwo asaphimbe radiator (chitsulo cha pakhoma chotenthetsera m'chipinda), chifukwa kutentha kumathawira kuzenera m'malo molowa m'chipinda. Koma timabowo ta mpweya timene anaika dala pamwamba pa zenera kapena pakhoma musatitseke, ngakhale tikhale tikulowetsa kamphepo.

Timabowo timeneti ndi tofunika chifukwa cha chinyontho, chimene chimavutitsa ambiri a ife m'chaka choyamba. Kuphika kwathu ndi kwa nthunzi yambiri: nyemba zimawira maola, madzi a nsima nawo, ndipo zovala zimene tikanayanika padzuwa timaziyanika m'chipinda. Nthunziyo ikakhudza galasi kapena khoma lozizira imasanduka madzi, ndipo pakapita milungu pamamera chuku chakuda chimene chimawononga zovala ndi kuyambitsa chifuwa, makamaka kwa ana. Choncho sankhani Loweruka limodzi musunthe kabati ndi bedi kuzichotsa pang'ono pakhoma loyang'ana kunja, mupukute kuseri kwake, ndipo muzolowere kuvundikira poto, kutsegula zenera la kukhitchini pophika ndi kupukuta magalasi m'mawa uliwonse. Chuku chikamabwerera ngakhale mukuchita zonsezi, chijambuleni ndi kudziwitsa mwini nyumba mwa kulemba, kuti umboni ukhalepo.

Radiator ikamatentha m'munsi koma pamwamba ili yozizira, ndiye kuti muli mpweya, ndipo kakiyi kotulutsira mpweyawo n'kotsika mtengo. Koma popeza nyumbayo si yanu, yambani mwafunsa mwini wake. Chimodzimodzi kupenta khoma kapena kuboola poika mashelefu, chifukwa mukachita popanda chilolezo akhoza kukudulani pa ndalama ya chikole tsiku lotuluka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse: mtengo wa gasi ndi magetsi ukakwera bwanji, musalowetse mbaula kapena chowotchera nyama cha makala m'nyumba kuti muwothe. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, ndipo m'nyumba zotsekeka bwino za kumeneko umapha anthu ali m'tulo.

Nyumba ikafunda, pezani ntchito yaitali yoti muziibwerera madzulo aliwonse. Ine ndimakonda kulumikiza zidutswa za zitenje kukhala chofunda, chifukwa chidutswa chilichonse chimakumbutsa ukwati, chinkhoswe kapena msika umene chinagulidwa, ndipo mungasoke kagawo kamodzi patsiku osatopa. Ntchito ina ndi kulemba mbiri ya banja lanu. M'miyezi imeneyi Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, kotero mukaimba 5 koloko mumapeza akuluakulu kumudzi asanagone. Afunseni mayina a makolo, mfunda wawo, kumene anachokera ndi nthano zimene ankasimba pamoto, mulembe m'kope limodzi lachikuto cholimba, kuti ana okulira ku Britain adzakhale ndi powerenga.

Zomera pazenera musafulumire nazo mu Disembala, chifukwa kuwala n'kochepa ndipo mbande zimangotalika n'kugwa. Pakali pano sungani timabigiri ta yogati, mutiboole pansi, ndipo kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, masana atayamba kutalika, mufesemo mpiru ndi tomato pazenera loyang'ana kum'mwera.