Mudziwa bwanji kuti ophunzira nyimbo apinduladi ndi phunziro la mulaibulale?

Mayi wina amene amagwira ntchito mulaibulale ya koleji ina wandilembera imelo. Akuti: "Semesita iliyonse amandipatsa ola limodzi loti ndiphunzitse ophunzira nyimbo kafufuzidwe ka mabuku, manotsi a nyimbo ndi nyimbo zojambulidwa. Pomaliza ndimawagawira fomu, ndipo pafupifupi onse amachonga kuti phunziro linali labwino. Pano abwana akufuna umboni woti anawa akutolapodi kanthu. Kodi fomuyi ndi yokwanira? Ngati ayi, ndiyambire pati?"

Mayi, fomuyo si yokwanira. Musaitaye, chifukwa imakuuzani ngati mumayankhula momveka komanso ngati nthawi inakwana. Koma wophunzira waulemu sangalembe kuti munthu wamkulu amene wamuphunzitsa mokoma mtima wamutayitsa nthawi. Ndiponso munthu akangoonerera wina akufufuza pa kompyuta, amadziona ngati nayenso angathe, mpaka tsiku limene adzakhale yekha pamakinapo. Wophunzitsa kwaya safunsa oimba kuti "mwamva?" n'kukhutira ndi "eee". Amawaimiritsa kuti aimbe, ndipo m'pamene amamva pomwe atenala akusochera. Umboni wanu nawonso uli mu asayimenti imene wophunzira adzalembe patapita milungu ingapo. Vuto n'lakuti pepala limenelo silifika kwa inu. Limapita kwa lekichala, iye amachonga, n'kubweza kwa mwini wake. Choncho poyambira penipeni ndi pakhomo la ofesi ya lekichalayo.

Mukapita, musafike ndi mawu akuti mukufuna kuyeza ophunzira ake, chifukwa angamve ngati mwabwera kudzamuyendera iyeyo. Mufunseni chimene chimamupweteka mutu akamachonga. Lekichala wa nyimbo sasowa chonena pamenepo. Adzakuuzani za ana okopera pa Wikipedia, za ena amene amati nyimbo anaipeza "pa YouTube" osadziwa n'komwe amene akuimba, za enanso amene amasindikiza manotsi oyamba amene awaona pa intaneti. Pa madandaulo amenewo sankhani awiri kapena atatu okha, muwasandutse zinthu zooneka ndi maso. Cholinga chakuti "wophunzira azindikire kufunika kwa laibulale" palibe amene angachichonge. Koma chakuti "wophunzira apeze manotsi a nyimbo imodzi osindikizidwa ndi anthu awiri osiyana, n'kufotokoza chifukwa chimene wasankhira awa n'kusiya awo" chimaoneka papepala, wachita kapena sanachite.

Simukuyamba pa chabe. Ku America, bungwe la malaibulale a m'makoleji la ACRL linatulutsa miyezo ya luso lofufuza mu 2000, ndipo mu 2005 bungwe la Music Library Association linavomereza zolinga zake zokhudza ophunzira nyimbo a digiri yoyamba, zotsamira pa miyezo yomweyo. Mu 2016 a ACRL anakhazikitsa ndondomeko ina yotchedwa Framework, yokhala ndi mfundo zikuluzikulu zisanu ndi imodzi, m'malo mwa miyezo yakale ija. Ziwerengeni kuti zikutseguleni maso, koma musazikopere zonse. Zinalembedwa ndi anthu amene malaibulale awo amalipira chaka ndi chaka nkhokwe za pa intaneti za zolemba ndi nyimbo monga RILM, Grove Music Online ndi Naxos Music Library. Ngati kwanu zimenezo kulibe, kuyeza mwana pa chida chimene sanachigwirepo n'kumulakwira.

N'chifukwa chiyani a nyimbo anafunika zolinga zawozawo? Wophunzira mbiri yakale kawirikawiri amafuna zolembedwa basi. Wa nyimbo amafuna zinthu zitatu pa nthawi imodzi: zimene anthu alemba zokhudza nyimboyo, manotsi ake, ndi nyimboyo itaimbidwa. Ngakhale pa shelefu zimakhala motalikirana. M'malaibulale otsata dongosolo losanjira mabuku la Library of Congress ya ku America, manotsi ali pa M, mabuku ofotokoza za nyimbo ali pa ML, ophunzitsa kaimbidwe ali pa MT. Mwana akhoza kudziwa bwino shelefu imodzi, zinazo osazifikako mpaka kumaliza digiri.

Titenge sonata ya piyano ya Mozart imene chigawo chake chomaliza ambiri amangochidziwa kuti ndi machi ya ku Turkey. Wophunzira akalemba dzina limenelo mu katalogi, akhoza kubwerera chimanjamanja bukulo lili pa shelefu pomwepo. Amene wadziwa kuti nyimbo za Mozart zili ndi manambala amene Ludwig von Köchel anazipatsa mu 1862, ndipo kuti iyi ndi K. 331, amaipeza ngakhale chikuto chitalembedwa m'Chijeremani. Akaipeza, funso lachiwiri limabuka: manotsi ake ati? Webusayiti ya manotsi aulere ya IMSLP, imene inayamba mu 2006, ndi dalitso lalikulu kwa amene alibe ndalama zogulira mabuku, koma zambiri zimene zili pamenepo n'zosindikizidwa kalekale, ndipo akonzi ena akale ankaonjezeramo zizindikiro zawo ngati kuti n'za mwini nyimbo. Mu 2014, woyang'anira gawo la nyimbo mu National Széchényi Library ku Budapest, Balázs Mikusi, anapeza masamba anayi a sonata yomweyi olembedwa ndi dzanja la Mozart, ndipo zinaoneka kuti m'malo ena manotsi amene anthu akhala akuimba ankasiyana ndi zimene mwini wake analemba. Wophunzira amene angalembe chiganizo chimodzi chosonyeza kuti anayang'ana chaka ndi mkonzi wa manotsi ake asanakhale pa piyano, ameneyo waphunzira. Fomu singakuonetseni zimenezo.

Pa nyimbo zakwathu nkhaniyi imakula kuposa pamenepa, ndipo ndi mbali imene ndimaidera nkhawa kwambiri. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo zambiri ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku Rhodes University ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Mwana wolemba za bangwe kapena mganda akagwiritsa ntchito zojambulazi, kodi watchula woimba, dera ndi chaka, kapena wangoti "nyimbo yachikhalidwe" ngati kuti inalibe mwini? Kodi wazindikira kuti mawu ofotokozera nyimboyo analemba ndi mlendo m'nthawi ya atsamunda, ndipo kuti akhoza kufananizidwa ndi zimene eni ake akunena lero? Nanga akapita kumudzi kukacheza ndi agogo oimba bangwe, wawalemba ngati gwero lenileni, ndi tsiku ndi malo, atawapempha chilolezo? Imodzi mwa mfundo za Framework ija imati amene tiyenera kumukhulupirira amasintha malinga ndi nkhani imene tikufufuza. Pa kachunidwe ka bangwe, agogo aja akhoza kuposa buku lililonse pa shelefu yanu. Zimenezi ziikeni pa zinthu zochongedwa, apo ayi ophunzira aziona ngati n'zosafunika.

Asayimenti yoyezera musapange yatsopano. Gwiritsani ntchito imene lekichala amapereka kale, monga mawu achidule ofotokoza nyimbo amene amalembedwa pa pepala la pulogalamu ya konsati. Mungoonjezapo kuti pa gwero lililonse wophunzira alembe ziganizo ziwiri: analipeza bwanji, ndipo walikhulupirira chifukwa chiyani. Kenako inu ndi lekichala mulembe rubric, tebulo la kachongedwe, la mizere itatu kapena inayi, mzere uliwonse ndi magiredi atatu ofotokozedwa m'mawu omveka. Ya bungwe la makoleji ndi mayunivesite a ku America la AAC&U ya mu 2009 imapezeka pa intaneti ndipo ingakuthandizeni kuona kalembedwe kake. Pemphaninso kuti gawo limeneli likhale ndi malikisi, ngakhale ochepa. Chopanda malikisi ophunzira amachisiyira kumapeto, nthawi itatha.

Ndiye pali ntchito imene ambiri amaidumpha. Tengani mapepala asanu, mufufute mayina, aliyense achonge payekha, kenako mukhale pansi n'kufananiza. Mudzasiyana ndithu. Lekichala akhoza kupereka malikisi apamwamba chifukwa mwana wafotokoza bwino kayendedwe ka nyimbo, inu n'kuona kuti magwero ake onse anachokera pa tsamba limodzi la intaneti. Inunso mukhoza kuyamikira kalembedwe kaukhondo ka magwero, iye n'kukuuzani kuti manotsi amene mwanayo wasankha si oyenera woimba wa msinkhu umenewo. Nonse mwaona zoona, ndipo mukambirane mpaka mawu a m'tebulo atanthauze chinthu chimodzi kwa nonse awiri. Megan Oakleaf wa ku Syracuse University, amene anatsogolera pulojekiti ya RAILS yoyesa ma rubric m'malaibulale, amatsindika kwambiri kuti ochonga aziyamba agwirizana motere asanayambe mulu wonse.

Mayeso afupiafupi a pachiyambi ndi pamapeto pa phunziro ali ndi malo ake, koma amangoonetsa zimene mwana akukumbukira tsiku lomwelo. Musawadalire kuposa pamenepo.

Polembera abwana, khalani oona mtima. Ngati kalasi ili ndi ophunzira khumi ndi awiri, lembani kuti asanu ndi awiri anachita chakuti, osati maperesenti amene amakuza chinthu chaching'ono. Musanene kuti kusintha konse kwabwera chifukwa cha ola lanu limodzi, popeza lekichala naye anaphunzitsa ndipo ana amathandizana okhaokha. Ngati lekichala anasunga mapepala a chaka chatha, achongeni ndi tebulo lomwelo kuti pakhale pofananizira. Lipoti likhale la tsamba limodzi, losainidwa ndi nonse awiri, ndipo linene poyera mzere umene ophunzira anagwa kwambiri ndi chimene musinthe. Nthawi zambiri choyamba kusintha ndi tsiku la phunziro. Ngati limachitika sabata yoyamba, ana asanadziwe n'komwe asayimenti yawo, pemphani kuti lisunthidwe lifike pamene aliyense wasankha kale nyimbo yake, ndipo abwere nayo mulaibulale adzaifufuze inu ndi lekichala muli pomwepo.