Mwasintha sensa koma nyali ya check engine yayakanso, vuto lili pati?

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Ali ndi Toyota Sienta yochokera ku Japan. Nyali ya check engine itayaka, makaniko anaika galimotoyo pa kompyuta n'kupeza khodi ya P0171, ndipo anamuuza kuti agule oxygen sensor yatsopano. Anagula, anamanga, khodi anaifufuta, koma pasanathe sabata nyali ija yayakanso. Akufunsa ngati anamugulitsa sensa yachinyengo.

Achimwene, n'kutheka kuti sensa yanu yakale inalibe mlandu. Khodi siuza munthu chitsulo choti akagule, imangonena zimene kompyuta ya galimoto yaona. P0171 ikutanthauza kuti mu injini mukulowa mpweya wochuluka poyerekeza ndi petulo. Injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya mafuta, ndipo sensa ya ku ekizozi, oxygen sensor ija, ntchito yake ndi kununkhiza utsi n'kukanena ngati muyezo wasokonekera. Inu mwathamangitsa mboni, wakuba akadali m'nyumba.

Musanawonongenso ndalama, bwererani kwa makaniko uja mukamupemphe kuti asamangowerenga khodi yokha, atsegule pamene palembedwa fuel trim. Nambala imeneyi imasonyeza mafuta amene kompyuta ikuonjezera pofuna kukonza muyezo. Ikamasewera pafupi ndi 0 zili bwino, ikapitirira 10 peresenti pali kanthu. Muione kawiri, galimoto itaima injini ikulira payokha, kenako mutaponda mafuta mpaka injini ikuzungulira ka 2500 pa mphindi. Ngati ili pamwamba poyamba n'kutsika mukaponda, mpweya ukulowera pamalo pong'ambika. Tsatirani paipi yaikulu ya rabara yochokera ku bokosi la fyuluta ya mpweya, muipinde ndi manja, chifukwa ming'alu imabisala m'makwinya mwake, makamaka kunsi kumene maso safika. Timapaipi tating'ono nato timauma ndi kutentha n'kusweka kumlomo. Nthawi zina mukatchera khutu mumamva kamluzu.

Nambala ikamakwera pamene mukuponda, ganizirani MAF, kachipangizo koyeza mpweya kamene kali pafupi ndi bokosi lomwelo. Ndi fumbi la misewu yathu m'chilimwe, ine ndimayambira pamenepa. Kamamangidwa ndi tizikuluwu tiwiri. Mukakachotsa muona timawaya tating'ono kwambiri mkati, takutidwa ndi fumbi. Tipopereni mankhwala ake otsukira MAF, mudikire kaume, mubwezeretse. Musatikhudze ndi chala kapena nsalu, ndipo amene angakuuzeni kuti mukaviike mu petulo ameneyo akufuna mukagule kena. Fyuluta ya mpweya ikakhala yobooka kapena yosakhala bwino m'bokosi mwake, isintheni tsiku lomwelo.

Zonsezi zikakhala bwino, patsala mafuta. Ngati munathirapo petulo wa m'zigubu nthawi imene pa filing'i siteshoni panali mizere, zinyalala zikhoza kutseka sefa ya pampu mu thanki kapena ma injector, timipopi topopera petulo mu injini. Pamenepo ayeze mphamvu ya pampu ndi geji, osati kungomvetsera ngati ikulira.

Mutha kugulanso kachipangizo kanu kowerengera makhodi ka ELM327 kolumikiza ku foni. Kamalowa pa soketi ya mabowo 16 imene ili kunsi kwa chiwongolero, kungoti magalimoto ena akale a ku Japan sagwirizana nako, choncho kayeseni musanalipire. Zomasula batire kuti nyali izime zisiyeni, mumangofufuta umboni umene makaniko akanagwiritsa ntchito.

Pakadali pano galimoto mukhoza kuyenda nayo pang'onopang'ono, malinga nyaliyo ikuyaka mosaphethira. Ikayamba kuphethira injini n'kumanjenjemera, imani. Imeneyo ndi silinda yosayatsa mafuta, khodi zake ndi P0300 mpaka P0304, ndipo petulo wosapsa akamafika mu ekizozi amawotcha catalytic converter, chitsulo choyeretsa utsi chodula kuposa pulagi kapena koyilo imene yayambitsa vutolo.